Mudzi ukagwirizana pambuyo pa chiwembu, usagwirizane zokwirira mlandu

Nthawi iliyonse munthu akaphedwa mwankhanza m'dziko muno, makamaka akaphedwa ndi gulu la anthu a m'dera lomwelo, mkangano umodzimodzi umabukanso pa wailesi, pa Facebook ndi m'mabwalo a mafumu. Ena amati chofunika ndi chakuti anthu akhazike mitima pansi, apemphere limodzi, akhululukirane, moyo upitirire. Ena amati popanda omangidwa ndi kuweruzidwa, palibe mtendere umene ungakhalitse. Pamaliro penipenipo mawu a gulu loyamba ndiwo amamveka kwambiri. Woimira mfumu, woimira mpingo ndi wandale amalandirana polankhula, onse nkumati zachitikazi zachitika, tisalozane zala, tigwirane manja. Ine ndaima ndi gulu lachiwiri, ngakhale sindikupeputsa umodzi. Mfundo yanga ndi yakuti mudzi uyenera kugwirizanadi, koma mgwirizanowo ukhale ndi ntchito yooneka: kusunga umboni ndi kuteteza mboni mpaka mlandu utaweruzidwa, kudyetsa ndi kulimira banja lofedwa kwa chaka chathunthu, ndiponso kutseka njira imene chiwembucho chinadzera. Umodzi wothera kumanda, wopempha anamfedwa kuti akhale chete, umapindulira amene anapha.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyambe ndi mtundu wa imfa zimene tikukamba. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje nkufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa antchito ake m'maboma ena. Imfa zotere nzosiyana ndi ngozi ya galimoto kapena kusefukira kwa madzi, chifukwa oponya miyala, oonerera ndi amene adzafunsidwe umboni amatunga madzi pa mjigo umodzi, ndipo nthawi zina wophedwayo ndi agogo awo enieni. Tsono pa maliro Amalawife palibe wotiphunzitsa. Uthenga ukangofika kwa nyakwawa, adzukulu amalawirira kumanda, amayi amatolera ufa khomo ndi khomo, anyamata amawaza nkhuni, a mpingo amachezera kuimba pasiwa. Vuto ndi lakuti dongosolo lonseli linapangidwira masiku awiri kapena atatu. Akangosesa, mapoto amabwezedwa kwa eni ake ndipo aliyense amabwerera kumunda kwake. Imfa ya chiwembu imasiya ntchito ya zaka, ndipo ntchito imeneyo ilibe mwini wake pokhapokha mudzi utasankha dala anthu oisenza.

Mfundo yoyamba ya amene akutsutsana nane ndi yakuti nkhani zotere zimathera bwino kwa amfumu. Iwo amati khoti lili kutali, milandu yakupha imatenga zaka, pamene mfumu imadziwa banja lililonse ndi kumene udani unayambira. Amati mabanja akakhala pansi, olakwa nkupereka mbuzi kapena ng'ombe ngati chipepeso, anthu amayambanso kupatsana moto, pomwe kumanga anyamata khumi kumasiya makomo khumi ali ndi mkwiyo. Zakuti makhoti amachedwa nzoona, ndipo zakuti mafumu amathetsa bwino mikangano ya malire a minda ndi ya ziweto zodya mbewu nzoonanso. Komabe pali zifukwa ziwiri zimene mfundoyi ikugwera. Choyamba, lamulo lenilenilo silipatsa mfumu mphamvu pa mlandu wakupha. Mlandu umenewu umazengedwa ku bwalo lalikulu la High Court lokha, ngakhale majisitireti sauweruza. Kuyanjanitsa anthu lamulo limalola pa milandu ing'onoing'ono monga kumenyana kosavulazana kwambiri, koma kulandira kanthu kuti ubise mlandu waukulu ndi mlandu pawokha. Chachiwiri, taonani amene amakhala pabwalo la mfumu tsiku limenelo. Mbali imodzi kuli mayi wamasiye ndi alongo ake awiri, mbali ina kuli mabanja makumi angapo amene ana awo anali m'gulu lija. Mayiyo adzafunabe anthu omwewo kuti amuthandize kufolera nyumba, kumunyamulira wodwala ndi kumukumbira manda mtsogolo. Akavomera mbuzi pamalo otero, sanakhutire ayi, wangoona kuti akakana sakhalamonso m'mudzimo.

Izi sizikutanthauza kuti mfumu ilibe gawo. Gawo lake ndi lalikulu kuposa la wapolisi aliyense, kungoti ndi lina. Mfumu ndi imene ingalengeze pamaliro pomwepo kuti aliyense amene anaona akapereke umboni ndipo woopseza mboni adzayankha. Ndi imene ingaletse kuti banja lofedwa lisathamangitsidwe, nyumba yake isagwetsedwe, munda wake usalandidwe. Ndi imenenso ingakumbutse anthu kuti lamulo lokhudza ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, kuti kuloza munthu pagulu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kuitana sing'anga kuti adzasake mfiti ndi mlandu, ndipo mfumu yolekerera zimenezi nayonso imakhala ndi mlandu.

Ndiyeno tione masiku atatu oyambirira, pakuti milandu yambiri imafera m'masiku amenewa, anthu ali otanganidwa ndi maliro. Pamalo pamene munthu waphedwera pasasesedwe ndipo pasatsukidwe apolisi asanafike. Miyala, zibonga, zikwanje ndi chigubu cha petulo zisiyidwe pomwe zagwera, ndipo anthu awiri odalirika ayang'anire kuti pasapondedwe. Thupi lipimidwe ndi achipatala lisanaikidwe m'manda, ndipo banja lidziwe amene wapima ndi tsiku limene wapimira. Apa ndi pamene mudzi wokoma mtima umalakwitsa kawirikawiri. Thupi lovulazidwa kwambiri kapena lopserera silichedwa kuwonongeka, nyumba yachisoni ili kutali, galimoto ikufuna mafuta, ndiye akuluakulu amati timuike msanga mnzathuyu apumule. Akaikidwa osapimidwa, kudzamufukula kumafuna chilolezo cha bwalo la milandu, kumapweteka banja kachiwiri, ndipo zizindikiro zambiri zimakhala zitatha. Choncho ndalama yoyamba imene yasonkhedwa igule mafuta oti thupi lifike kuchipatala kapena wopima afike pamudzi. Abale athu achisilamu, amene chipembedzo chawo chimafuna kuika maliro mwachangu, apemphe kuti kupimako kuchitike tsiku lomwelo, osati kukudumpha. Ovulala onse, ngakhale ooneka ngati angokalika, apite kuchipatala ndipo lipoti lachipatala lilembedwe mabala akadali atsopano. Ngati pali wogwiriridwa, afike kuchipatala asanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa m'nthawi imeneyi. Ngati nkotheka asayambe wasamba, ndipo zovala zimene anavala zisachapidwe, zikulungidwe m'pepala osati m'jumbo, chifukwa m'pulasitiki zimachita chinyezi nkuwonongeka. M'zipatala zikuluzikulu muli malo otchedwa One Stop Centre, pamene achipatala, apolisi ndi alangizi amathandizira munthu pamalo amodzi kuti asafotokoze nkhani yake kambirimbiri.

Palinso nkhani ya mafoni. Masiku ano chiwembu cha pagulu sichilephera kujambulidwa, ndipo kanemayo amazungulira pa WhatsApp thupi lisanachotsedwe nkomwe. Kufalitsa kanema wotere kumachotsa ulemu wa malemu, ana ake amadzamuona, komanso kumachenjeza ojambulidwawo kuti athawe. M'maboma a m'malire monga Neno, Mulanje ndi Phalombe, kuoloka kupita ku Mozambique ndi nkhani ya usiku umodzi. Kuwonjezera apo, kanema akatumizidwa kuchoka pa foni kupita pa ina amachepa mphamvu, nkhope zimafufuma, ndipo sizidziwikanso kuti anajambula ndani, liti. Wojambulayo asafufute kanemayo, asagulitse foniyo, apite nayo yekha kwa wapolisi wofufuza mlanduwo ali ndi mboni yomuperekeza. Banja lilembe m'kope dzina la wapolisiyo, nambala ya mlandu ndi tsiku limene chinthu chilichonse chaperekedwa.

Mfundo yachiwiri imachokera kumipingo ndi kumizikiti, ndipo ndiyenera kuitenga mwaulemu chifukwa anthu oinena ndi amene amakhala ndi anamfedwa usiku wonse. Iwo amati mtima wosunga mangawa umadwalitsa mwini wake, kuti chikhululuko ndi lamulo la Mulungu, ndipo kuti kubwezera kulibe malire. Pa kubwezera ndikugwirizana nawo kotheratu, ndipo mudzi uletse msanga aliyense wofuna kukatentha nyumba za oganiziridwa. Koma kupereka umboni kukhoti si kubwezera. Munthu angathe kukhululuka ndi mtima wonse nkukanenabe zimene anaona, chifukwa mlandu wakupha ndi wa boma, ndipo cholinga chake china ndi kuteteza agogo ena amene akadali moyo m'mudzimo. Komanso chikhululuko ndi cha wolakwiridwa. Sichilengezedwa ndi wapampando wa mwambo m'malo mwa mwana amene amayi ake aphedwa dzana. Anthu amakonda kutchula dziko la Rwanda ngati chitsanzo cha kukhululukirana, ndipo nkoyenera kulitchula, malinga tinene nkhani yonse. Pambuyo pa kuphana kwa mu 1994, mabwalo a m'midzi otchedwa gacaca anagwira ntchito kuyambira 2002 mpaka 2012 ndipo anamva milandu pafupifupi 2 miliyoni. Mabwalo amenewa anakhazikitsidwa ndi lamulo la dziko, ndipo wofuna kuti chilango chake chichepe ankayenera kuulula pagulu zimene anachita, kutchula amene anali nawo ndi kupempha chikhululuko. Ambiri anathandiza mabanja kupeza pamene matupi a abale awo anatayidwa. Mabwalowo anali ndi zofooka zake, ndipo mboni zina zinaopsezedwa, zina kuphedwa kumene. Komabe dongosolo lake linali lakuti wopempha chikhululuko ayambe wavomera kuti analakwa, pamene kwathu kuno timafuna chikhululuko wopha akadali kukana kuti analipo. Bala lomangidwa nsalu mafinya ali mkati limaoneka ngati lapola, koma limadzaphulika.

Mfundo yachitatu ndi yolemera kuposa zonse, ndipo ndikhalitsapo. Anthu amati mukutituma kwa apolisi, kodi apolisiwo ndi odalirika? Amakumbutsa za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu 20 anafa pa zionetsero, ambiri powomberedwa ndi apolisi. Amakumbutsanso za kwa Msundwe mu Okutobala 2019, pamene wapolisi anaphedwa ndi gulu la anthu pomugenda, ndipo apolisi ena atapita m'midzi ya kwa Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwirira ndi kuzunza amayi ndi atsikana. Amati apolisi akabwera pambuyo pa chiwembu amangotola mnyamata aliyense amene ampeza, amuna amathawira kuthengo, minda imagonera, ndipo osalakwa amakhalitsa m'ndende podikira mlandu. Mantha amenewa ali ndi maziko, ndipo wonena kuti anthu akungokokomeza sanakhalepo m'mudzi umene galimoto ya apolisi yalowamo usiku. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, kumanga mwachisawawa kumakula pamene mudzi wonse wagwirizana kunena kuti sitinaone kanthu. Wofufuza amene alibe dzina ngakhale limodzi amasesa onse. Mboni zikatchula amene anamenya, amene anabweretsa petulo ndi amene anayambitsa kukuwa, osalakwa amakhala ndi powonjokera. Mudzi womwewo uyenera kutsatira omangidwawo, kudziwa kumene akusungidwa, kukumbutsa kuti malamulo aakulu a dziko amati womangidwa aonekere kukhoti asanathe maola 48, ndi kuuza mabanja awo kuti bungwe la Legal Aid Bureau limapereka maloya kwa osauka. Kufuna chilungamo cha wophedwa kukuphatikizapo kukana kuti wosalakwa avutike.

Chachiwiri, nkhani ya kwa Msundwe yomweyo ikusonyeza chimene mgwirizano woona umachita. Amayi aja akanati aliyense akhale chete m'nyumba mwake, dziko likanangomva mphekesera. Anayankhula, bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza nkutulutsa lipoti, bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association linatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo mu Ogasiti 2020 bwalo la High Court linalamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi. Pamene wolakwa ndi wapolisi, dandaulo lingapitenso ku Independent Complaints Commission, bungwe limene lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa kuti lizifufuza apolisi. Chitsanzo china ndi cha mnyamata wachialubino wa ku Machinga amene anaphedwa mu 2018. Mlandu wake unatenga zaka zinayi, koma mu 2022 khoti linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana, ndipo pakati pawo panali wansembe, wapolisi, wachipatala ndi mchimwene wake weniweni wa malemuyo. Ndi bwalo liti la m'mudzi limene likanatha kugamula anthu a maudindo otere? Akuluakulu anati mlandu suola, koma umafuna anthu ousunga kuti usatayike panjira.

Kusunga mlandu ndi ntchito ya manja, ndipo imalephereka pa zinthu zazing'ono. Mboni imaitanidwa kuboma, ilibe ndalama ya kabaza ndi minibasi, ndiye siipita. Ikapita imapeza mlandu waimitsidwa, kawiri, katatu, kenaka imagwa ulesi. Wapolisi wofufuza amasamutsidwa, mboni ina imapita kuganyu ku Johannesburg osasiya nambala, ina imakwatiwa kutali. Pakutha pa zaka ziwiri fayilo ilipo koma yopanda woyankhula. Mudzi wogwirizana umasankha anthu awiri kapena atatu, mmodzi wa kubanja lofedwa, amene ntchito yawo ndi kufunsa kupolisi mwezi uliwonse, kulemba tsiku lililonse la khoti, ndi kusunga nambala za mboni zonse pamodzi ndi za abale awo. Umaika padera ndalama ya ulendo ndi chakudya cha mboni, koma ndalamayo ikhale ya ulendo basi, yolembedwa poyera, kuti wina asadzanene kuti mboni zinagulidwa. Mboni isapite yokha kukhoti, ndipo zimene ikanene zisakambidwe pamsonkhano, chifukwa umboni wophunzitsana loya wa mbali ina amaugwetsa mosavuta. Woganiziridwa akatuluka pa belo, anthu auzidwe momveka kuti belo si kumasulidwa, mlandu ukadalipo, ndipo akaopseza mboni zikanenedwe tsiku lomwelo kuti khoti liganizire zolanda beloyo. Kusamvetsa belo kwakhala kukukwiyitsa anthu mpaka kuganiza kuti apolisi adya ziphuphu, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene umabala chiwembu chotsatira. Akazi ndi ana a omangidwa asasalidwe pa mjigo kapena kusukulu, chifukwa sanaphe munthu.

Mfundo yachinayi siinenedwa mokweza koma imaoneka m'zochita. Anthu amati tinasonkha kale, bokosi linagulidwa, a ndale anabwera ndi envulopu, zotsalazo ndi za boma. Ndithu kusonkha pamaliro ndi chinthu chabwino, koma tiwerenge kumene ndalamazo zimapita. Zimathera pa bokosi, tenti, zokuzira mawu ndi chakudya cha khamu limene labwera chifukwa nkhani yamveka pa wailesi. Sabata ikatha, banja limatsala ndi nkhokwe imene olira adya. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limadya pafupifupi thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50 pamwezi, kutanthauza matumba 12 pachaka, osawerengera ndiwo, mchere, sopo ndi chigayo. Ngati wophedwayo ndiye ankalima, ndipo waphedwa mu Seputembala kapena Okutobala, mizere ikapanda kuundidwa mvula yoyamba isanagwe banjalo lataya chaka chonse. Choncho thandizo lenileni ndi kalendala ya makasu: tsiku lounda mizere, tsiku lobzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira ndi kukolola, gulu lililonse la mpingo kapena la banki m'khonde litenge gawo lake. Ndalama zosonkhedwa zigawidwe tsiku loyamba lomwelo, gawo la maliro, gawo la mlandu ndi gawo la chakudya ndi sukulu ya ana, ndipo gawo la maliro lisameze enawo. Komiti yoyang'anira ndalamazi ikhale ya anthu osapitirira asanu, awiri akhale osankhidwa ndi banja lofedwa, ndipo amayi akhalemo. Ngati abale a kutauni ndi a kunja akutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala ikhale imodzi yolengezedwa ndi banja, chifukwa akamberembere amatsegula nambala zawo nkhani ikangotchuka. Zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe pagulu mwezi uliwonse. Komiti yambiri imapasuka chifukwa cha kukayikirana pa ndalama zochepa zimene sizinalembedwe, osati chifukwa cha kuba kwakukulu.

Pali mapepala amene anamfedwa sangathe kuwathamangira ali m'chisoni, ndipo apa munthu wodziwa maofesi angathandize kuposa wopereka ndalama. Imfa ilembetsedwe kuti chikalata cha imfa chituluke kudzera ku National Registration Bureau, chifukwa popanda chimenechi ndalama za kubanki, za penshoni kapena chipukuta misozi zimavuta kutenga. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma idziwitsidwe za ana amasiye ndi okalamba otsala okha, kuti aganiziridwe pa Mtukula Pakhomo ndi thandizo lina. Ndipo achibale okonda kulanda katundu auzidwe pamaso pa mfumu kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu.

Otsutsa omalizira amati kupitiriza kukamba za chiwembu kumatsegula mabala, makamaka kwa ana, ndipo ndi bwino kuti aiwale. Cholinga chawo ndi chifundo, koma ana amene anaona munthu akumenyedwa kapena kutenthedwa saiwala chifukwa akulu asiya kutchula. Amayamba kukodza pogona, kudzidzimuka usiku, kukana kudutsa njira ija, kumenya anzawo kapena kungokhala duu m'kalasi. Mwana wotere asakakamizidwe kufotokoza, komanso asakalipiridwe akayamba kufotokoza. Afunika munthu wamkulu mmodzi womudalira, chakudya ndi kugona pa nthawi yake, kubwerera kusukulu msanga, ndiponso mphunzitsi wodziwa chimene chachitika. Akafunsa, auzidwe zoona m'mawu a msinkhu wake, kuti agogo anaphedwa ndi anthu amene analakwa kwambiri, ndipo agogowo sanali ndi mlandu. Zizindikiro zikapitirira mwezi, kapena wina aliyense akayamba kulankhula zodzipha kapena kumwa mowa mosalekeza, apite naye kuchipatala cha boma kwa achipatala oona za maganizo, amene angamutumize ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Kukumbukira pagulu nakonso kuli ndi ntchito yake. Ku Mzuzu, ena mwa ophedwa pa 20 Julayi anaikidwa kumanda a Zolozolo, ndipo kusonkhana kumeneko pokumbukira tsikulo kwathandiza kuti funso la amene anawombera ndi la chipukuta misozi lisazimiririke.

Chotsala ndi kutseka njira, ndipo apa ndi pamene mudzi umene waphedwapo munthu uyenera kuchita zimene unalephera poyamba. Ziwembu za kuganizirana ufiti kawirikawiri zimatsatira imfa yadzidzidzi, ya mphenzi, ya mwana wodwala masiku awiri kapena ya mnyamata wogwa pa njinga yamoto, ndipo zimaphulika pasiwa kapena kumanda, pamene anthu ali ambiri, sanagone, ndipo ena amwa kachasu. Dzina la woganiziridwa limayamba kunong'onedwa maola angapo gulu lisananyamuke, ndipo amayi ophika kuseri ndi adzukulu kumanda amakhala atalimva kale. Tsono mudzi upangane lero, mtendere ulipo, kuti womva dzina likunong'onedwa amauza ndani. Nyakwawa ndi a chitetezo cha m'mudzi akhale ndi nambala ya mkulu wa polisi yapafupi, osati kuyamba kuifunafuna miyala ikuuluka. Wotchulidwayo achotsedwe mwakachetechete usiku womwewo kupita kwa achibale akutali kapena kupolisi, ndipo njinga yamoto yomunyamula idziwike kale kuti ndi ya ndani ndi kuti mafuta alipira ndani. Wachipatala amene anaona wodwalayo, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, apatsidwe mpata pamaliro kuti afotokoze chimene chapha munthuyo banja likalola, kaya ndi malungo a m'bongo, kuthamanga kwa magazi kapena mphenzi ya nyengo ya mvula. Mowa usagulitsidwe pafupi ndi siwa mpaka anthu atabwera kumanda, ndipo apolisi apemphedwe kukhalapo pa nthawi yoika maliro ngati mpungwepungwe wayamba kale kumveka.